Kuunikitsa mankhwala ku famasi: ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5

Achimwene anga amamwa fluoxetine chifukwa cha dipuleshoni, kenako adokotala anawonjezera risperidone atayamba kumva mawu omwe ife sitimawamva. Ku famasi komwe timatenga mankhwalawa kuli dongosolo loti wodwala ndi womusamalira amakhala pansi ndi a famasi nkuunika mankhwala onse limodzi, nde ndati ndinene momwe ndinaionera ntchito yawoyi.

Mayi amene anatithandiza sanatithamangitse ngakhale pang'ono. Anatiuza kuti fluoxetine amafooketsa mphamvu ya chiwindi yophwanya risperidone, ndiye risperidone amachuluka m'magazi ngakhale dozi yake isanasinthe, ndipo paroxetine, mankhwala ena a dipuleshoni, naye amachita chimodzimodzi, moti munthu amene ali pa aripiprazole, mankhwala a gulu la risperidone, adokotala amamuchepetsera dozi yake ndi theka akamupatsanso fluoxetine kapena paroxetine. Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake achimwene ankalephera kukhala pansi, kumangoyendayenda m'nyumba usiku onse miyendo ikuwanyerenyetsa, ife nkumati matenda aja akukula pomwe vuto linali mankhwala. Mayi aja analemba kakalata kopita kwa adokotala, dozi inachepetsedwa ndipo pano akugona bwino. Pachokhachi ndikuwathokoza ndi mtima onse.

Anatchulanso zina zoti tiziyang'anira, kunenepa ndi kukwera kwa shuga makamaka kwa omwe ali pa olanzapine, amenenso ndi a gulu la risperidone, chizungulire podzuka chifukwa BP imatsika, komanso kuti risperidone atha kuchititsa mabere kutuluka mkaka kapena amayi kusiya kusamba. Nkhani ya mphamvu za m'banja anaikamba mwaulemu ine nditayamba ndatuluka panja, zomwe ndinaona kuti nzanzeru chifukwa pamaso pa mlongo wawo sakanalankhula.

Chomwe anatsindika kwambiri ndi zizindikiro zoti usadikire kuche. Thupi likatentha kwambiri, minofu nkuuma gwa, thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka mutu kapena mtima kugunda modabwitsa mpaka kukomoka, basi thamangirani kuchipatala pompopompo. Anatiletsa tramadol, mankhwala opha ululu, chifukwa ndi fluoxetine amachulukitsa kemikolo ya muubongo yotchedwa serotonin, ndipo mowa anati ayi ndithu. Ine zinandiopsa koma bola kuopa ukudziwa chochita. Ndinafunsa ngati kuli bwino kungosiya amodzi, anakana, anati kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda mwamphamvu, komanso fluoxetine amatsala m'thupi pafupifupi milungu 5 munthu atasiya, ndiye zosintha zonse zizidzera kwa adokotala.

Pomwe ndachotsa nyenyezi imodzi ndi apa. Anatifotokozera bwino kuti mankhwala ngati citalopram (a dipuleshoni) ndi haloperidol (a matenda omva mawu aja) akaphatikizana amasokoneza kagundidwe ka mtima, mpaka bungwe loona za mankhwala la FDA ku America mu 2011 linachenjeza kuti citalopram asapitirire 40 mg patsiku, koma ku famasiko makina a ECG oyezera kagundidwe ka mtima alibe, ngakhale shuga sanawayeze, sikelo yokha basi. Ndiye umatuluka ndi mndandanda wa zoti ukayezetse kwina, zomwe kwa munthu amene dipuleshoni yamufoola, woti ngakhale kudzuka pabedi kumamuvuta, ndi ntchito yaikulu abale. Chipinda chomwe tinakhala nachonso chinali pafupi kwambiri ndi pamzere, chitseko chake chosatsekeka bwino, ndipo nkhani za matenda amaganizo anthu amachita nazo manyazi, izi akonze msanga. Pepala lolembedwa zizindikiro zija sanatipatse, ndinachita kulemba ndekha mufoni.

Ngati m'bale wanu wapatsidwa mankhwala amitundu iwiriyi, a dipuleshoni ndi a matenda omva mawu, pitani mukawonane nawo a famasi, ndipo munyamule chilichonse chomwe amamwa, ngakhale a chimfine, a tulo ndi azitsamba omwe, chifukwa ankafunsa chimodzichimodzi nkumawerenga pabokosi. Ife tibwereranso dozi ikadzasinthidwa.