Opaleshoni ya bondo kapena chiuno: kuchepetsa kaye mankhwala, kapena kulowa mukumwabe?

Munthu wolowa m'opaleshoni akumwabe mankhwala amphamvu opha ululu a tramadol kapena morphine mopyola muyeso amaona zakuda akatsitsimuka. Thupi linazolowera kale, choncho mankhwala opha ululu sagwira bwino, ndipo masewera olimbitsa bondo amamukanika. Ngati amadzibaya jakisoni wa mankhwalawa ndiye zimafika poipa: tizilombo timalowa m'magazi n'kukakanirira pachitsulo chomwe amuika m'bondo kapena m'chiuno pa opaleshoniyo. Nthawi zambiri maantibayotiki okha satha kutichotsa, mpaka dokotala amang'ambanso n'kutulutsa chitsulocho.

Wosankha kudikira kaye amauza dokotala zoona, n'kumachepetsa mankhwalawo pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Amadikira, inde, bondo likumuwawabe, koma ine ndingasankhe zimenezi. Ululu wa pambuyo pa opaleshoni umamvera mankhwala, ndipo amayamba kuyenda msanga. Kusiya mwadzidzidzi kokha ayi: kumabweretsa thukuta, kusanza ndi kusowa tulo.