Miyezi 14 ndi Sienta yanga, ndi funso la mlamu wanga

Lisiti ya kugalaja ikadali m'thumba la jekete, ndipo ndi imene yandichititsa kuti ndilembe za galimotoyi. Sabata yatha ndalipira giyabokosi ina, yochotsedwa m'galimoto yochita ngozi, pamodzi ndi oyilo wake ndi ntchito ya amakaniko. Zonse pamodzi zadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zimene ndinagulira galimoto yonse. Madzulo a tsiku lomwelo mlamu wanga ananditumizira uthenga: "Alamu, ndapeza magalimoto awiri koma ndalama ndi ya imodzi. Inu munasankha bwanji?" Ndinakhala nthawi yaitali foni ili m'manja, osayankha.

Miyezi 14 yapitayo inenso ndinaima pamphambano yomweyo. Mbali ina kunali Toyota Sienta ya 2008, ya mipando 7, pa dashibodi ikuonetsa makilomita 89,000. Mbali ina kunali Corolla Fielder ya 2005, ya mipando 5, itayenda makilomita 152,000. Injini inali yofanana m'magalimoto onsewo, 1NZ-FE ya malita 1.5, yoyendera tcheni osati lamba, ndiye nkhawa yosintha lamba wa injini panalibe konsekonse. Kusiyana kunali pa giyabokosi: Fielder inali ndi otomatiki wamba ya magiya anayi, Sienta inali ndi CVT, mtundu wina wa otomatiki umene m'kati mwake muli lamba wachitsulo m'malo mwa magiya. Kusiyana kwina, kumene sindinakulabadire mokwanira, kunali pa anthu ogulitsawo. Fielder ankagulitsa ndi mwini wake, bambo wachikulire amene anaiyendetsa zaka zisanu ndi chimodzi. Penti ya padenga inali itasuluka, chitseko cha kumbuyo chinali chophwanyika pang'ono, koma bamboyo anandipatsa envelopu yodzaza ndi malisiti a sevisi, chaka ndi chaka. Sienta inali kwa munthu wochita malonda a magalimoto, yopukutidwa mpaka kudzionera nkhope, matayala atapakidwa zonyezimira. Pepala la sevisi ngakhale limodzi panalibe.

Pakhomo pathu tilipo asanu ndi mmodzi: ine, mayi a ana, ana atatu ndi apongozi anga amene timakhala nawo. Mu Fielder mmodzi akanamatsala, kapena mwana akanamakhala pamiyendo. Izi ndi zimene zinandigamulira, kuphatikiza nambala ija ya pa dashibodi. Sienta inali yokwererapo mtengo, ndipo ndinakokolola zonse zimene ndinasunga, osasiyako ngakhale za tayala limodzi.

Zabwino zake ndizinene, chifukwa zilipo ndithu. Zitseko za kumbuyo zimatsegukira cham'mbali, ndiye ana satha kumenyetsa chitseko pa galimoto ya eni ake poimika. Ndi yotsika, apongozi amakwera osawagwira dzanja. Mafuta siwononga. Injini sinandivutepo, oyilo sadya, m'mawa imalira kamodzi kokha. Mipando iwiri ya kumbuyo kwenikweni imapindika n'kulowa pansi pa mipando ya pakati, buti n'kukhala lalikulu zedi. Koma ikakhala yoimika, zikwama ziwiri zokha zadzaza kale, komanso munthu wamkulu sangakhaleko ulendo wautali.

Vuto linayamba mwezi wachitatu. Ndikaima pamalo n'kuyambanso kuyenda, galimoto inkanjenjemera kwa kamphindi, ngati ikuponda timiyala totsatizana, kenako n'kusiya. M'mawa sinkatero. Inkadikira kuti iyende theka la ola, itenthe bwinobwino, ndiye iyambe. Patapita masabata angapo panabwera kaphokoso kena, kakang'ono ngati mluzu wa patali, kokwera pamodzi ndi liwiro. Choopsa kwambiri chinali pachitunda tikakwera tonse: ndikaponda, injini inkakuwa, muvi wa pa dashibodi woonetsa kuthamanga kwa injini n'kukwera, koma galimoto osafulumira. Mayi a ana ankangondiyang'ana, osanena kanthu.

Makaniko woyamba anati ndi mapulagi ndi koyilo. Tinasintha, sizinathandize. Wachiwiri anati ndi marabala ogwira injini. Analidi otha, ndipo titasintha kunjenjemera kunachepako, moti kwa sabata ziwiri ndinkauza aliyense kuti galimoto yachira. Sinachire. Wachitatu ndi amene amadziwa za magiyabokosi a otomatiki, ndipo anachita chinthu chimene awiri aja sanachite: anakwera nane, makina oyezera atalumikiza, tinayenda mphindi 40 mpaka vutolo analimva yekha. Titabwerera anamasula chitsulo cha pansi pa giyabokosi chimene chimasunga oyilo. Oyilo anatuluka wakuda, wonunkha ngati chinthu chopserera. Timaginito timene timakhala m'menemo tinali titakutidwa ndi tizitsulo tonga ubweya. Anandipaka tina pachala kuti ndimve ndekha mmene tikukerera.

Anandifotokozera motere, ndipo ndikanakonda ndikanazimva ndisanagule. CVT ilibe magiya oti loyamba, lachiwiri, lachitatu. Muli mapule awiri, lililonse lopangidwa ndi mbale ziwiri zosongoka zoyang'anizana, ndipo pakati pawo pamadutsa lamba wa tizitsulo mazanamazana tolumikizana. Mphamvu ya oyilo ndi imene imapanikiza mbalezo kapena kuzitalikitsa, lamba n'kumakwera kapena kutsika, ndiye liwiro limasintha popanda kugwedeza. Chitsulo chimayenera kugwira chitsulo chinzake osatsetsereka, n'chifukwa chake CVT ili ndi oyilo wakewake. Mukathiramo oyilo wa otomatiki wamba, kapena mukasiya oyilo kukalamba osasintha, lamba amayamba kuterereka n'kumakanda mapule. Akakandika, akandika, oyilo watsopano sangafufute zipserazo. "Bwana, ndisintha oyilo ndi sefa, koma ndisakunamizeni, tikungochedwetsa tsiku," anatero. Anandipatsa miyezi isanu ya mtendere. Wachisanu ndi chimodzi kunjenjemera kunabwerera, ndipo tsiku lina madzulo, ndikuchokera kotenga ana, galimoto inakana kukwera chitunda chimene inkakwera tsiku ndi tsiku. Ndinatsitsa ana n'kuwaimika kutali ndi msewu, wamng'ono akulira, mdima ukugwa. Mantha a tsiku limenelo sanandichokebe.

Pakati pa zonsezi ndinatulukira china. Ndikutsuka galimoto ndinaona kapepala komata m'munsi mwa felemu ya chitseko cha dalaivala, kong'ambika theka, ka anthu amene anasinthapo oyilo kalekale. Panalembedwa makilomita 134,000. Galimoto imene ndinagula ikuonetsa 89,000. Ndipamene ndinakumbukira rabala ya pa buleki yoperepeseka mpaka chitsulo kuonekera m'mphepete, mpando wa dalaivala wolowa m'kati, chiwongolero chosalala ngati mwala wa kumtsinje. Zonsezo ndinaziona tsiku logula, koma maso anali pa penti ndi pa nambala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa wogulitsa uja ndinayamba ndi foni. Yankho lake linali lakuti, "Bwana, galimoto munaiyesa nokha, ndipo pepala munasaina." N'zoona, ndinaiyesa, mphindi khumi, ili yozizira, pamsewu wopanda chitunda, iye ali pambali panga akuyankhula osapuma. Pepalalo linanenadi kuti ndaitenga mmene ilili. Kenako ndinapita ndekha, nditanyamula kabotolo ka oyilo wakuda uja ndi chithunzi cha kapepala ka pachitseko. Pa za makilomita anakanitsitsa, akuti inamupeza ili choncho. Pa za oyilo, mnyamata wake amene amatsuka magalimoto ndi amene anaulula osadziwa kuti akuulula: anati anaona oyilo wachepa, ndiye anawonjezera wa otomatiki amene anali naye pafupi, "kuti isavute kasitomala." Abwana ake anangoti zii. Tsiku limenelo anandilonjeza kuti giyabokosi ikafa adzalipira theka. Anandibwezera ndalama ya sefa yokha. Itafadi, foni yake inayamba kungolira.

Pano ndiyenera kunena chilungamo kwa galimotoyo. Amene anaipanga sindiwaimba mlandu. Inayenda mtunda woposa umene ndinauzidwa, inamwetsedwa oyilo wolakwika, koma inatinyamulabe chaka chathunthu. Ndi giyabokosi yatsopanoyi ikuyenda mwakachetechete moti Lamlungu, tonse asanu ndi mmodzi tili m'kati, apongozi akuwodzera, ndinadzimva kuti sindinalakwe. Lolemba ndinaona Fielder ija pamalo oimika magalimoto kuntchito, mtima n'kutembenukanso. Anaigula ndi mnzanga wa mu ofesi, ine ndi amene ndinamulozera. Chaka chonsechi wasintha mashoko a kutsogolo ndi batire, basi. Penti ikadali yosuluka, ndipo envelopu ija akuipitiriza, malisiti akuwonjezeka.

Chimene chimandiwawa koposa si giyabokosi ayi, koma ngongole. Ndikanatenga Fielder, ndalama yotsala ikanakwanira sevisi yonse yoyamba ndi matayala, n'kutsalako. Potenga Sienta ndinalowa m'galimoto yakale m'thumba muli mbee, ndiye kavuto kalikonse kankasanduka kokongola. Mapulagi ndi koyilo zosafunika zija ndinalipira ndi ndalama ya mwezi wotsatira. Giyabokosiyi ndibweza miyezi isanu ndi itatu. Ndikaphatikiza zonse, Sienta yandidyera ndalama imene ikanagula galimoto yabwinopo kuposa onse awiriwo. Koma ndikati ndiigulitse, ndigulitsa motchipa, ndipo ndiyenera kuuza wogulayo za kapepala ka 134,000 kaja, chifukwa zimene anandichita ine sindingachitire munthu wina.

Mlamu wanga ndinamuyankha m'mawa mwake. Iwo ali ndi ana awiri okha, ndiye mipando 7 saifuna kwenikweni, angoikonda. Ndinati, "Alamu, nditumizireni kaye zithunzi za malisiti, za galimoto ndiona pambuyo." Imodzi ili nawo, inayo akuti anasowa posamuka. Ndinawauzanso kuti asalipire kanthu asanaiyendetse mpaka itenthe, pachitunda, anthu atakwera, komanso kuti pa ndalama ali nazozo apatule kaye gawo limodzi mwa magawo asanu, n'kuona ngati zotsalazo zikugulabe galimotoyo. Loweruka tikupita tonse kukaona onse awiri, ndipo makaniko wachitatu uja wavomera kutiperekeza. Ndalama ya tsiku lake ndilipira ine.

Wogulitsa uja wayankha dzulo, patatha masabata atatu, nditamutumizira chithunzi cha lisiti yatsopanoyi. Walemba kuti, "Ndaona bwana, tionane kumapeto kwa mwezi." Uthengawo ndausunga pamodzi ndi wa lonjezo la theka uja, ndipo pa 30 ndikafika pageti pake m'mawa, asanatsegule.