Ndemanga: Renogy DCC50S m'vani yogonamo, ndi mawaya amene imafuna

Kabokosi aka kotchajira batire, Renogy DCC50S, ndakagwiritsa ntchito nyengo yotentha yonse mpaka chisanu chinatha, mu Ford Transit Custom ya 2017 yomwe tinaisandutsa yogonamo kuno ku England, ndipo ndingakagulenso mosakayika. Kamagwira ntchito ziwiri. Galimoto ikamayenda kamatenga magetsi ku alternator (makina opanga magetsi injini ikamalira), ikaima kamatenga ku sola ya padenga, ndipo onsewo kamawathira mu batire lachiwiri, lomwe limayendetsa firiji, nyali za m'kati, hita ya dizilo ndi mafoni. Kamatha kupereka mpaka 50A. Batire langa lachiwiri ndi la lithium, mtundu wa LiFePO4, la 100Ah. Ndikugogomezera chinthu chimodzi kwa amene mukufuna kugula: ndalama yomwe mwakonza isathere pa kabokosi kokha, chifukwa mawaya, mafyuzi ndi kamangidwe kake ndi zimene zimachititsa kuti 50A ija muione kapena musaione.

Vaniyi ndinaigula ili kale ndi relay, swichi yolumikiza mabatire awiri, ija imawalumikiza yokha ikaona kuti magetsi akwera. Amene anaiikayo sanaganizire kuti galimoto za Euro 6 (muyezo wa ku Ulaya wochepetsa utsi) zili ndi alternator yanzeru yolamulidwa ndi kompyuta. Alternator imeneyi imatsitsa magetsi kufika cha m'ma 12.2V pofuna kusunga mafuta, kenako n'kuwakweza kufika cha m'ma 15V mukachotsa phazi pa mafuta potsika mtunda. Relay imangotseka n'kutsegula, tseke tseguleni, batire lakumbuyo osadzadza. Tinkafika kumsasa titayenda mtunda wautali, firiji n'kuzima kusanache, ndiwo n'kuyamba kusungunuka. DCC50S ilibe nazo ntchito zoti alternator yakwera kapena yatsika. Imalandira zomwe zabwerazo n'kuzisintha kuti batire lilandire 14.4V yokhazikika, monga lithium imafunira.

Polumikiza pali mabawuti anayi okha, olembedwa bwinobwino: PV+ ya sola, ALT+ yochokera ku batire lolizira injini, OUT+ yopita ku batire lachiwiri, ndi NEG imodzi ya zonse. Izi ndinazikonda kwambiri, chifukwa munthu sungasochere. Malo ovuta ndi kukula kwa waya. Kuti kabokosi katulutse 50A pa 14.4V pamene alternator ili pa 12.5V, kamakoka pafupifupi 60A kutsogolo. Mu Transit batire lolizira lili pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo langa lachiwiri lili m'kabati pafupi ndi tayala lakumbuyo, mtunda wa mamita anayi. Waya wa 10mm² womwe ndinaupeza m'vanimo ukanataya pafupifupi 0.4V pa mtunda umenewo, n'kumafunda. Wa 25mm² umataya zosafika 0.2V. Ndinagula wa 25mm², wamkuwa weniweni wa timawaya tosalala tambirimbiri, ndipo mtengo wake unandiwawa, koma ndikaugwira pambuyo pa ulendo umakhala wozizira.

Kumapeto kwa waya wokhuthala chonchi simungafinye ndi pulayala. Ndinabwereka chofinyira cha hayidiroliki, ndinalowetsa waya m'chitsulo chake mpaka timawaya tonse titabisika, ndinafinya, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse kuti ndione ngati usolokoka, kenako n'kuvekapo pulasitiki ija imakwinyika ndi moto. Paliponse pomwe waya wadutsa pa bowo la chitsulo ndinaikapo labala. Vani imagwedezeka tsiku lonse, ndipo m'mphepete mwa chitsulo mumadya pulasitiki ya waya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina utsi. Mu vani muli matabwa, zofunda ndi botolo la gasi, ana akugona momwemo, ndiye apa sindinafune kupulumutsa ndalama ngakhale pang'ono.

Mafyuzi akhale awiri pa mawaya akuluakuluwa, imodzi pafupi kwenikweni ndi batire lolizira, ina pafupi ndi batire lachiwiri, poti mbali zonse ziwiri zili ndi moto. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya, choncho ikakhala kutali ndi batire, kachigawo kotsalako kali pambalambanda. Ine ndinaika ya 80A kutsogolo ndi ya 60A kumbuyo, zomanga ndi mabawuti, osati zongolowetsa. Waya wakuda wa NEG musaumange pamutu pa batire lolizira. Galimoto zatsopanozi zili ndi sensa pamutu pomwepo yowerengera magetsi olowa ndi otuluka, ndipo mukailambalala kompyuta imawerenga zabodza. Mangani pa chitsulo cha galimoto, mutapala penti mpaka chitsulo chiwale. Yambani kulumikiza batire lachiwiri, musankhe mtundu wa batire pa batani, kenako sola, n'kumalizira batire lolizira.

Pali kawaya kakang'ono kolembedwa IGN komwe anthu ambiri amakasiya m'bokosi. Pa galimoto ya alternator yanzeru, kameneka ndiye kofunika kuposa onse. Popanda iko, kabokosi kamadikira kuti magetsi afike 13.2V ndiye kayambe, n'kusiya akatsika pansi pa 12.7V, kutanthauza kuti mwabwerera ku vuto la relay lija. Mukakalumikiza ku fyuzi yomwe imakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, kabokosi kamayamba pa 12.0V ndipo kamapitiriza ngakhale alternator itsike. Chenjezo lake ndi loti mukakhala m'galimoto kiyi ali wotembenuza injini isakulira, mwina mukumvera wailesi podikira munthu, kabokosi kamayamba kukama batire lolizira. Kiyi azimitsidwe, kapena injini ilire.

Zonse zitamangidwa, batire lomwe latsala ndi gawo limodzi mwa asanu limadzadza m'maola osakwana awiri oyenda. Paulendo wathu wa ku Scotland, kumpoto kwa Inverness komwe timaima malo opanda magetsi, firiji sinazimeko, hita inkayaka usiku wonse, ndipo m'mawa tikangoyenda kupita mudzi wotsatira batire linkabwerera mwakale. Chinanso chomwe chandisangalatsa: batire lachiwiri likadzadza, kabokosi kamatumiza pang'ono za sola ku batire lolizira. Vani yanga imatha kukhala panja osayenda kwa nthawi yaitali m'nyengo yozizira, koma imalira ndi kiyi mmodzi.

Za sola mudziwiretu musanagule mapanelo. Pa kabokosi kanga, polowera sola pamalandira mpaka 25V, ndi 660W. Panelo ya 100W yotchedwa ya 12V imatulutsa cha m'ma 22V ikakhala yosalumikiza, choncho ziwiri zoterezi muzilumikize mofanana, pozitivi ku pozitivi, negetivi ku negetivi. Mukazilumikiza motsatizana magetsi amawirikiza kawiri n'kupyola malire. Mapanelo akuluakulu a padenga la nyumba, omwe amapezeka otsika mtengo kwa ogulitsa zakale, amatulutsa kupitirira 35V ndipo sagwirizana ndi kabokosi aka. Kumbukiraninso kuti m'mawa wozizira kowala dzuwa magetsi a panelo amakwera, ndiye sankhani yosiyako mpata pansi pa 25V. Anga ndi awiri a 100W. Mu June masana amapereka cha m'ma 10A, mu December ndi dzuwa la kuno amangopereka kadontho.

Kabokosika kanapangidwa moti sola ndi alternator zikamagwira limodzi, mbali iliyonse imapereka zosapitirira 25A. Ndiye mukamayenda masana kuli mitambo, sola ikupereka 3A yokha, zonse pamodzi zimakhala 28A osati 50A. Ine ndinaika swichi pa waya wa sola. Ndikafuna kudzadza batire msanga ndimaizimitsa ndisananyamuke, ndikafika ndimaiyatsa. Swichi yomweyo imathandiza mukafuna kugwira mawaya, poti panelo siizima dzuwa lili kunja. Kuti muone ziwerengerozi pa foni pamafunika kachipangizo ka Bluetooth kotchedwa BT-2, kogulidwa padera, ndi app ya DC Home. Ndikulangiza kuti mukagule limodzi, chifukwa nyali za pa kabokosi zimangokuuzani kuti kakutchaja, osati kakutchaja zingati.

Kakamagwira ntchito mwamphamvu kamatentha, choncho kamangeni poti mpweya uzidutsa, osati kuseri kwa zofunda. Batire la lithium silifuna kutchajidwa kukazizira pansi pa 0°C, ndipo langa lili ndi chotetezera chake m'kati chomwe chimakana magetsi pa nthawi yotere. Ngati lanu lilibe, ganizirani bwino komwe mukuliika. Mabawuti onse muwakungenso mukayenda maulendo oyambirira, popeza mkuwa umakhazikika ndipo nati imatha kulekerera.

DCC50S siilandira magetsi a kumsasa a 230V, aja a pulagi yabuluu. Amenewo amafuna tchaja yakeyake, RCD (swichi yozimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pa chitsulo kapena pa munthu) ndi ma breaker oduula mawaya onse awiri. Mbali ya 12V ndinapanga ndekha, koma ya 230V ndinaitanira katswiri wa zamagetsi, poti kuno malamulo a kaikidwe ka magetsi otchedwa BS 7671 ali ndi gawo 721 lonena za makalavani ndi galimoto zogonamo, ndipo vani ndi bokosi lachitsulo lomwe munthu amaligwira ataponda udzu wonyowa.

Abale amene muli kumudzi kapena ku Joni ndi HiAce yakale, alternator yanu ndi yachikale, ndiye kawaya ka IGN kaja simukafuna. Chomwe muyenera kuona ndi mphamvu ya alternator yanuyo. Ngati ili ya 70A kapena 80A, kuichotsera 60A pamwamba pa nyali ndi zoziziritsa kuitopetsa, makamaka injini ikungolira galimoto itaima kotentha ngati ku Mangochi mu October. Funsani makaniko wa zamagetsi awerenge nambala yolembedwa pa alternator, ndipo ikakhala yaing'ono tengani DCC30S, yomwe imalumikizidwa chimodzimodzi koma imapereka 30A.