Kudula pakati, log kapena ln: iti yabwino pa mafunso a half-life?

Anzanga amene mukukonzekera mayeso a ECZ giledi 12, nanunso a chaka choyamba ku UNZA kapena CBU, ana anga a tyushoni kuno ku Kapata amandifunsa daily kuti ticha njira yeniyeni ndi iti. Zilipo zitatu ndipo zonse zimafika pamalo amodzi, koma sizifanana ayi.

Yoyamba ndi yongodula pakati. Iodine-131 ija amapatsa odwala chithokomiro, half-life yake, kutanthauza nthawi imene imatenga kuti itsale theka, ndi masiku 8. Muli ndi magalamu 80, atsala 10, papita masiku angati? 80, 40, 20, 10, mwadula katatu, 3 kuchulukitsa ndi 8 ndi masiku 24, kalukuleta ili m'chikwama osaigwira nkomwe. Ngati funso labwera chonchi musadzivutitse ndi ma log, mukungotaya nthawi chabe.

Manje tiyeni atsale magalamu 15 m'malo mwa 10. Apa ndi pamene ambiri amagwa, amati 15 ili pakatikati pa 20 ndi 10 ndiye yankho ndi masiku 20, pakati pa 16 ndi 24. Zaboza zimenezo. Zinthuzi zimatha mofulumira poyamba kenako pang'onopang'ono, ngati thumba la unga limene tsiku lililonse mukutapa theka la zomwe zatsala, masiku oyamba nsima ya boo koma kumapeto mukungokokota pansi.

Ndiye njira yachiwiri, log. Mumafunsa kuti tadula pakati kangati, basi. n = log(80/15) ÷ log 2, ndiye 0.727 ÷ 0.301 = 2.415. Chulukitsani ndi 8 mupeza masiku 19.3. Ine iyi ndiyo ndimaikonda, sininame, chifukwa 2.415 ija ili ndi tanthauzo, mwadula kawiri ndi kachidutswa, ndipo mutha kudziyesa nokha kuti yankho liyenera kukhala pakati pa 16 ndi 24. Mukapeza 190 mudziwiratu kuti chala chaterereka pa Casio.

Yachitatu ndi ya ln ndi lambda, N = N₀e^(−λt), imene a ku yunivesite amaikonda (N₀ ndi zomwe munayamba nazo, N ndi zomwe zatsala, t ndi nthawi, λ ndi lambda). Lambda ndi ln 2 kugawa ndi half-life, 0.693 ÷ 8 = 0.0866 pa tsiku, kenako ln(80/15) = 1.674, kugawa ndi 0.0866, ndi 19.3 yomwe ija. Ubwino wake ndi woti funso likakupatsani decay constant (lambda yemweyu) kapena likufuna activity mu ma becquerel (ma atomu angati akusweka pa sekondi), A = λN, mulibe kothawira, ndi iyiyi basi. Koma imaluma osasamala. Minus uja amasowa panjira mwana n'kundibweretsera masiku negative, ndimamufunsa kuti kodi iodine yako ikubwerera m'mbuyo? Komanso lambda akakhala pa sekondi half-life ili mu masiku, sinthani kaye.

Choopsa kwambiri ndi kudula manambala msanga. Tengani carbon-14, half-life zaka 5730, yomwe akatswiri anagwiritsa ntchito kudziwa zaka za zinthu zakale zomwe anafukula kuphanga la Kalemba ku Chadiza kwathu konkuno. Tinene kuti khala lina latsala ndi 30 peresenti ya carbon-14. Lambda ndi 0.000121 pa chaka, ln(100/30) ndi 1.204, yankho ndi zaka pafupifupi 9950. Wina waulesi amalemba lambda 0.0001 kuti ziro zachuluka, amapeza 12040, wakalambitsa khala ndi zaka 2000 zonse chifukwa cha 21 yemwe wataya. Ndi log mavuto amenewa kulibe, 0.523 ÷ 0.301 = 1.737, kuchulukitsa ndi 5730, mwafika.

Ena amafunsa ngati batani la log ndi la ln ndi chimodzimodzi. Pa njira yachiwiri dinani lililonse, bola pamwamba ndi pansi likhale limodzi, ln(80/15) ÷ ln 2 ndi 2.415 yomweyo. Mukasakaniza, log pamwamba 0.693 pansi, mupeza masiku 8.4 ndipo maliki apita. Ndipo tsekani buraketi musanadine kugawa, pa fx-991ES mukalemba log(80÷15÷log(2 imawerenga zake zina osakuuzani.