Yamaha CGS103A, gitala ya bokosi yomwe ndinamugulira mwana wanga m'malo mwa yamagetsi

Makolo anzanga akhala akundifunsa kutchalitchi komanso pa WhatsApp kuti kodi mwana wongoyamba kumene timugulire gitala ya bokosi kapena yamagetsi, ndiye ndati bola ndingolemba zonse pamodzi. Ineyo ndimayimba gitala mu praise team kwathu kuno ku Lilongwe, ndipo mwana wanga wamkazi, wa sitandade 4, ndinamugulira Yamaha CGS103A. Ndi ya bokosi, nsambo zake za nayiloni, saizi ya 3/4. Msuweni wake yemwe amakhala naye pafupi ali ndi yamagetsi, Squier Mini Stratocaster, ndiye zonse ziwiri ndazigwira ndipo ndaona ana awiriwa akulimbana nazo. Mutandifunsa lero ngati ndingagulenso Yamaha yomweyi, eya ndingagulenso, koma pali zingapo zoti mudziwe musanatulutse ndalama.

Choyamba anthu timakangana kwambiri za bokosi kapena magetsi, chonsecho chomwe chimagwetsa ana ulesi ndi kukula kwa gitala. Gitala yaikulu ya classical (ya bokosi ya nsambo za nayiloni) ngati Yamaha C40, nsambo yake kuchokera kumutu kukafika pa bridge (kathabwa ka pa bokosi pomwe nsambo zimamangidwa) ndi 650 mm. CGS103A ndi 580 mm, ndipo palinso kang'ono kake CGS102A ka saizi ya 1/2 komwe ndi 535 mm. Pa pepala kusiyana kwake kumaoneka ngati kochepa koma mumupatse mwana wa zaka 8 gitala yaikulu muone, phewa lakumanja limakwera mpaka kukhutu pofuna kukumbatira bokosilo, dzanja lamanzere latambasuka mpaka kumapeto kuti lifike pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), mphindi zisanu zokha wayamba kudandaula msana. Wanga akakhala pa mpando ndi ka 3/4 aka, bokosi limakhala bwinobwino pa ntchafu, chigongono chapindika, amatha kuona zala zake osawerama. Squier Mini nayonso pa nkhani ya saizi ili bwino, pafupifupi 578 mm, ndiye apa zikufanana.

Kenako nsambo, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa ambiri akamati gitala ya bokosi amaganiza kuti zonse ndi chimodzimodzi. Ayi. Pali za mawaya achitsulo, zomwe zadzadza m'mashopu muno, ndiye pali za nayiloni ngati iyi. Mawaya achitsulo a gitala ya bokosi amakoka mwamphamvu, pafupifupi kawiri kuposa nayiloni, komanso ndi owonda ndiye amacheka nsonga za zala. Munthu wamkulu amapirira mpaka zala zitachita zikang'a, koma mwana sapirira, amangoyiika pakona basi nkhani yathera pomwepo. Pa nayiloni zala zimawawabe masiku oyamba, ndisakunamizeni, wanga ankandionetsa timizere tofiira pa nsonga za zala zitatu atamaliza kuyeserera kodi (chord, kudina nsambo zingapo nthawi imodzi) ya D, koma ankapukusa dzanja pang'ono n'kuyambiranso. Musadabwe mukaona kuti nsambo zitatu zamabesi zikuwala ngati zachitsulo, mkati mwake ndi ulusi wa nayiloni, kunja kokha ndi komwe anakulunga kawaya.

Kamangidwe kake ndakhutira nako. Thabwa lapamwamba ndi spruce, ma fret ndi osalala m'mbali moti ukayendetsa chala m'mphepete mwa khosi palibe chokukanda, makiyi otchunira amazungulira bwino osaterera. Mawu ake ndi ofewa, ozungulira, si aphokoso, bokosi ndi laling'ono ndiye musayembekezere kuti idzamveka kutchalitchi pakati pa ng'oma ndi kiyibodi. Koma pa sitting room madzulo imamveka bwino kwambiri, ndipo chomwe chimandisangalatsa ndi choti makodi amamveka oona kuyambira kumutu mpaka chapakati pa khosi, zomwe ndi zofunika kwambiri kwa mwana chifukwa khutu lake likuphunzira nthawi yomweyo.

Tsopano yamagetsi ija ndiinenere zoona, chifukwa pali bodza lomwe lafala loti mwana ayambe kaye kuvutika ndi ya bokosi kuti zala zilimbe kenako adzapite ku yamagetsi. Ine sindigwirizana nazo. Gitala yamagetsi ndi yofewa kudina, mawaya ake ndi opyapyala ndipo amakhala pafupi ndi ma fret, khosi lake ndi lowonda moti kadzanja kakang'ono kamalizungulira mosavuta. Msuweni wake uja kodi ya C anaigwira msanga kuposa wanga, chifukwa khosi la gitala ya classical ndi lotambalala ndipo chala chachitatu chimafunika kutambasuka kwambiri. Komanso amp (kasipika kokweza mawu a gitala yamagetsi) yambiri yaing'ono ili ndi polowetsa mahedifoni, ndiye ngati mumakhala nyumba zogundizana za lendi, mwana atha kuyimba usiku aneba osamva kalikonse. Izi ndi zabwino zenizeni ndipo sindikuzichepetsa.

Ndiye bwanji sindinagule imeneyo? Magetsi, abale anga. Kuno magetsi akathima madzulo, nthawi yomwe mwana wabwera kusukulu wamaliza homuweki, gitala yamagetsi imangolira ting'iting'i osamveka kwenikweni, ndipo mwana yemwe wazolowera kumva mawu ake pa sipika sayigwira n'komwe. Ya bokosi ilibe nazo ntchito zimenezo, amangoitenga kukakhala nayo pakhonde. Ngati muli ndi sola ndi inveta nkhani ndi ina, kapena mutapeza ka amp kamabatire, koma zonsezo ndi ndalama zowonjezera. Ndipo yamagetsi simugula gitala yokha, pafunika amp, kebo, lamba chifukwa imalemera ndipo imaterera pa ntchafu, adaputa ngati pulagi yake ndi ya ku Joni yamano ozungulira, ndiye kebo ikaduka mkati kapena pa jack polowetsa keboyo pakamasuka mwayamba kusaka amisiri. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 zinthu zonse zochokera kunja mitengo yake sikhazikika, n'chifukwa chake sindilemba mtengo pano, mufunse nokha tsiku lomwe mukugula ndipo muwerengere zonse pamodzi osati gitala yokha.

Palinso kena kakang'ono komwe ndinakaona. Ya bokosi imakhala yokonzeka nthawi zonse, mwana akudutsa amangoitola n'kuyimba kwa mphindi khumi podikira nsima. Yamagetsi pafunika kulumikiza, kuyatsa, kusintha ma volume, ndipo mwana wa zaka zimenezi theka la nthawi limathera pa kusewera ndi mabatani a amp. Pophunzira, mphindi khumi tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka lokha.

Za nayiloni zomwe muyenera kukonzekera nazi. Nsambo zatsopano zimatanuka, ndiye sabata yoyamba kapena ziwiri mudzakhala mukutchuna pafupipafupi, musaganize kuti mwagula yowonongeka, zimakhazikika zokha. Ikani app yotchunira pa foni, ine ndimagwiritsa GuitarTuna, ndipo mumuphunzitse mwana kutchuna yekha nsambo zonse 6 pa manoti ake E A D G B E kuyambira tsiku loyamba. Nsambo zake zimachita kumangidwa mfundo pa bridge, koyamba zimavuta koma pa YouTube pali makanema ambiri, bandulo yaing'ono yakwana. Pa magitala a classical nsambo ya D ndi yomwe imakonda kuduka, ndiye gulirani seti ina yapadera nthawi imodzi chifukwa za nayiloni sizipezeka paliponse ngati zachitsulo. Ndipo chonde chonde, ikaduka musalole munthu akuikireni mawaya achitsulo ati poti ndi omwe alipo. Gitala imeneyi sinapangidwe kuti inyamule mphamvu ya chitsulo, bridge imazuka ndipo khosi limapindika, mwataya gitala yonse chifukwa cha waya mmodzi. Magitala amtunduwu sabweranso ndi tizitsulo tokolekera lamba, amayimbidwa chokhala pansi, kwa mwana wophunzira ine ndikuona kuti palibe vuto.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi timagitala topanda dzina tamitundumitundu tija, tofiira, tabuluu, tomwe timagulitsidwa motchipa pamodzi ndi zidole. Mayi wina wa mumpingo mwathu anabweretsa kamodzi kuti ndimutchunire mwana wake, mawaya anali patali ndi khosi moti ineyo munthu wamkulu kodi ya F inandikanika, ukatchuna waya uwu winawo wamasuka. Mwanayo anali atayamba kale kunena kuti gitala si yake, alibe luso, chonsecho vuto linali chida. Bola banjo ya galoni yomwe anyamata amakhoma okha kumudzi ndi mawaya a buleki ya njinga, imeneyo mwini wake amaikonza mpaka imveke.

Ndiye kaya mukugula yatsopano kapena yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook, tengani machesi m'thumba. Pitani pa fret ya nambala 12, lowetsani ndodo za machesi pakati pa fret ndi nsambo yonenepa kuposa zonse. Pa ya nayiloni ndodo ziwiri zosanjikiza zizikwana ndendende, mpata ukatsala waukulu isiyeni. Pa yamagetsi ndodo imodzi ndi yokwana. Yang'ananinso kumbuyo kwa bridge ngati payamba kutseguka, yesani kulowetsa kapepala, kakalowa ndiye kuti guluu wayamba kusiya. Kenako muyang'ane khosi kuchokera kumutu ndi diso limodzi ngati lili lowongoka. Ndipo mupite naye mwanayo akaigwire yekha, musagule yaikulu ati adzakulira momwemo, iyi si yunifolomu ya sukulu.

Yathuyi inabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg ndi achimwene anga, anamasula nsambo pang'ono n'kuikulunga m'bulangeti mkati mwa katoni yake, inafika bwinobwino. Chikwama ndinachita kugula padera ndipo musachinyozere, fumbi la October ndi chinyontho cha dzinja zonse zimawononga thabwa, komanso osaisiya padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Kwa mwana wa zaka 7 mpaka 11 yemwe akungofuna kuyimba nyimbo za ku Sunday school ndi zomwe amamva pa wailesi, CGS103A ndikuivomereza ndi mtima wonse, wocheperapo mumuyese kaye CGS102A. Koma ngati wanu amangokhalira kuyang'anitsitsa woyimba lead kutchalitchi ndipo akulota mawu amenewo basi, magetsi kwanu ndi odalirika ndipo thumba likulola, mugulireni yamagetsi yaing'onoyo osamukakamiza ya bokosi, chifukwa makodi ndi omwewo ndipo adzasintha mosavuta akakula. Mukatero mumupezere womuphunzitsa msanga, kaya ndi wa gitala wa kumpingo kwanu, kaya kukafunsa za makalasi ku Music Crossroads ngati muli ku Lilongwe, kuti kagwiridwe ka dzanja lamanzere akayambe molondola.