Nsungwi ya amalume kapena ndodo ya reel ya mwana wanga: woyamba kuwedza agwire iti?

Loweruka tikamapita kukawedza cha ku Mangochi timakhala anthu atatu a mibadwo itatu. Amalume anga, omwe adutsa zaka 70, amanyamula nsungwi ziwiri paphewa ndi chitini cha nyongolotsi. Mwana wanga wa zaka 22 amatenga ndodo yake ya reel (kachipangizo kozungulira kokulungira chingwe) ndi kabokosi kodzaza nyambo zonyezimira. Ine ndili pakati pawo, ndipo zida zonse ziwirizi ndazigwira nthawi yaitali. Tonsefe usodzi si ntchito yathu. Sitikoka khoka, sitiponya chilimira. Timawedza chifukwa mtima umafuna madzi, ngakhale kuti ndiwo zikapezeka kunyumba amasangalala.

Anzanga angapo akuntchito amene akufuna kuyamba akhala akundifunsa kuti agule reel kapena angodula nsungwi. Ambiri amafunsa atasankha kale mumtima, poganiza kuti nsungwi ndi ya nkhalamba ndi ana a kumudzi, pamene reel ndi ya munthu wozindikira. Maganizo amenewa ndi amene ndikufuna tiwaunike, chifukwa awonongetsa anthu ndalama.

Ndiyambe ndi nsungwi. Amalume sadula iliyonse. Amafuna yokhwima, yowongoka, yotalika mamita atatu kapena anayi, yopyapyala kunsonga. Amaiumika pamthunzi, ndipo pamene yapindika amaiwamba pamoto pang'onopang'ono n'kuiwongolera pabondo. Chingwe cha nayiloni amachiyeza kuti chifanane ndi kutalika kwa nsungwiyo. Choyandama amadula ku patapata wakutha, kachidutswa kochepa ngati chala chamkombaphala, ndipo cholemetsa ndi kamtovu, kakasowa amamanga kanati ka njinga. Zogula pamenepa ndi mbedza ndi chingwe basi. Chikaduka amamanganso pomwepo, osadandaula.

Ubwino weniweni wa nsungwi suli pa kutchipa kokha. Uli pa kuika nyambo pamalo enieni popanda phokoso. M'mphepete mwa Shire, kumene bango ndi namasupuni zasiya timipata tamadzi ngati kukula kwa lichero, nsungwi imatsitsa nyongolotsi mwakachetechete pakati penipeni. Reel pamenepo imangokola udzu. Tsiku lina ndinakhala pambali pa amalume osaponya yanga, kungoyang'ana kapatapata kawo. Kananjenjemera kawiri, iwo osasuntha. "Timeneto ndi tiana, tikungoseweretsa nyambo," anatero chapansipansi. Patapita kanthawi kanayamba kuyenda chammbali, pang'onopang'ono, kenaka kanamira kosabwereranso. Apo m'pamene anakweza dzanja, osati mwamphamvu, ndipo mlamba wonenepa unatulukira uku ukupalapata. Iwo amadziwa nsomba imene ili pansi asanaione, pongoona mayendedwe a choyandama. Luso limeneli nsungwi imaphunzitsa msanga kuposa chida china chilichonse, chifukwa pakati pa dzanja ndi nsomba palibe makina.

Koma nsungwi ili ndi malire ake, ndipo amalume sakonda kuwavomera. Imafika pamene yathera basi. Nsomba zikakhala kutali ndi gombe, mwini nsungwi amayamba kulowa m'madzi, mpaka m'mawondo, kenaka m'chiuno. Mu Shire ndi ku Malombe kuchita zimenezi n'kudzipereka kwa ng'ona, ndipo m'madzi odekha okhala ndi nkhono muli likodzo. Ine pa chifukwa chimenechi chokha sindinganyoze reel. Chachiwiri, ikakodwa nsomba yaikulu, nsungwi ilibe chingwe chapadera choti uipatse ithamange nacho mpaka itatopa. Zimangotsala kulimbana, ndipo kawirikawiri chingwe chimaduka kapena nsonga imathyoka.

Ndodo ya reel imathetsa mavuto awiri onsewa. Mwana wanga amaima pouma, pamwala, nyambo n'kukagwa patali pamene amalume angafike ndi bwato lokha. Nsomba ikakoka mwamphamvu, reel imalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono molingana ndi m'mene waimangira, ndiye chingwe chopyapyala chimatha kugonjetsa nsomba yolemera. Ndiponso pali nsomba zimene zimadya zinzake, zomwe zimakopeka ndi chinthu chothamanga. Mcheni, amene amasaka usipa m'nyanja, amagwira kasupuni konyezimira kakamakokedwa mofulumira. Sungwa, wobisala m'mbali mwa udzu, amalumphira kansomba kapulasitiki. M'madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje muli bass, nsomba yobwera yomwe njira yake ndi yomweyi. Pamwamba pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda ku Nyika kuli trout, imene azungu anabweretsa nthawi ya atsamunda, ndipo kumeneko amawedza ndi ndodo yakeyake ndi nyambo yomangidwa ndi nthenga yofanizira kachilombo. Malo ngati amenewa ali ndi eni ake kapena oyang'anira, choncho muyambe mwapempha chilolezo. Nsungwi ya amalume kumeneko ilibe ntchito.

Vuto la reel ndi ndalama, ndipo sizithera pogula. Yanga yoyamba ndinagula m'sitolo ina ku Limbe, yotchipa, yowala bwino. Ulendo wachiwiri wokha kachitsulo kopinda chingwe kanathyoka, ndipo nditabwerera nayo anandiuza kuti zitsulo zake zosinthira kulibe. Mchenga wa kunyanja ukalowa m'kati, reel imayamba kukukuta, ndiye imafuna kutsukidwa ndi kudzozedwa mafuta ukangobwerako. Nyambo zapulasitiki ndi zachitsulo zimatsalira m'miyala, ndipo iliyonse ikatsala ndi ndalama yapita. Mnyamata amene sali pantchito akataya zitatu tsiku limodzi, mwezi umenewo sabwereranso kumadzi.

Palinso vuto lina limene ndimaliona mwa anyamata ambiri, mwana wanga yemwe. Amaphunzira kuwedza pa YouTube, kumene amaonera anthu a ku America ndi ku South Africa akugwira bass. Akafika pa nyanja yathu amaponya nyambo zomwezo akuyembekezera chambo. Chambo sichisaka nsomba zinzake. Chimadya ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi, choncho kasupuni kangadutse pamphuno pake kakhumi, sichingakatsatire. Miyezi yoyamba mwana wanga ankabwerako chimanjamanja, amalume ali ndi makumba odzaza chingwe, ogwidwa ndi nyongolotsi pamtunda wa mamita atatu okha kuchokera pamene anakhala. Zinamuwawa. Anasintha tsiku limene anavomera kumanga mbedza yaing'ono, choyandama ndi nyongolotsi pa ndodo yake yomweyo ya reel. Anthu ambiri saganizira zimenezi: reel siletsa nyambo ya makolo. Ukhoza kuponya nyongolotsi, ngumbi, chiwala kapena kachidutswa ka usipa, n'kupeza phindu la mbali zonse ziwiri.

Pali njira yachitatu imene siifuna nsungwi kapena reel, ndiyo chingwe chapamanja chokulunga pa kathabwa, choponya uli m'bwato. Kampango amakhala pansi pakuya, pa chirundu (mulu wa miyala pansi pa nyanja), ndipo amadya kwambiri usiku. Umatsitsa chingwe chokhuthala chokhala ndi usipa mpaka mtovu utagunda pansi, n'kuchigwira pa chala. Kampango akakoka umamva mpaka paphewa. Apa amalume ndi mwana wanga sakangana, onse amavomereza kuti njira ndi imeneyi. Koma imafuna bwato, munthu wodziwa malo, ndi jekete yoyandamitsa. Kwa woyamba kumene sindimuuza kuti ayambire pamenepa.

Ndikaonetsetsa, kusiyana kwakukulu kwa mibadwo iwiriyi sikuli m'zida ayi. Kuli m'mene amawerengera madzi. Amalume amadzuka n'kuyang'ana kumwera, kumva mphepo pakhungu, n'kunena kuti lero mwera uyamba dzuwa lisanafike pamutu, tisapite patali. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti mphepo imeneyi imatha kusandutsa nyanja yodekha kukhala mafunde oopsa pa nthawi yochepa. Amadziwa kuti madzi akada ndi mvula yoyamba milamba imakwera m'timitsinje, amadziwa mwala umene pansi pake pali dzenje, amadziwanso gombe limene mvuu zimatulukira. Mwana wanga amayang'ana pafoni, ndipo kunena zoona foniyo imatithandiza: kangapo yatiuziratu za mphepo ya mawa lake, tisanawononge mafuta a galimoto. Koma foni sidziwa pamene pali dzenje lija. Kakhalidwe kawo pamadzi n'kosiyananso. Amalume amasankha malo amodzi, amamwaza gaga pang'ono kuti nsomba zisonkhane, n'kukhala maola atatu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata amaponya kasanu, akaona zii amasamukira pena. Pa nsomba za nyongolotsi amalume ndiwo amakhoza. Pa mcheni ndi sungwa, zimene umayenera kuzifunafuna, kuyendayenda kwa mnyamatayo n'kumene kumapindula.

Mkangano umene umatentha kwambiri ndi wa kubweza nsomba m'madzi. Tsiku loyamba mwana wanga atagwira sungwa wamkulu, anamujambula pafoni, n'kumuchotsa mbedza mosamala, n'kumutsitsira m'madzi. Amalume anaimirira.

"Iwe mdzukulu, wachita chiyani? Ndiwo zimenezo wataya?"

"Agogo, ameneyu akaswane. Tidzamupezanso."

"Adzamupeza ndi wa khoka mawa m'mawa, osati iwe."

Sindinathe kuwatsutsa amalume kotheratu. Iwo anakulira m'nthawi imene nsomba yogwidwa inali chakudya cha banja, ndipo kwa iwo kuvutitsa chamoyo ndi mbedza n'kuchitaya pofuna chithunzi chabe ndi mwano. Amanenanso zoona kuti si mbedza yathu imene yatha chambo ku Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, koma maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo masikito amene ena amakokera m'malo oswanirana nsomba. Komabe amalume omwewo ndi amene amatisimbira kuti kale chambo chinkachuluka mpaka kumaperekedwa kwaulere pagombe, ndipo lero amadandaula kuti chikusowa. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Ukagwira chotero n'kupita nacho kumoto, wapha ana ambirimbiri nthawi imodzi. Mpasa nayo imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje ngati Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaswana, ndipo ikagwidwa ili paulendo umenewo mbeu yake imathera pomwepo.

Ndinawakumbutsa amalume kuti kusiyira nsomba mpata si nzeru yobwera ndi mafoni. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri, n'kudzatsegula cha mu Epulo, ndipo anthu amamvera. Boma nalo lili ndi lamulo la usodzi la 1997, limatseka maukonde ena kuyambira cha kumapeto kwa chaka pofuna kuti chambo chiswane, ndipo limaletsa kutenga chambo chosafika masentimita 15. Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, madzi oyandikira gombe la paki ndi zilumba zake ndi otetezedwa, ndiye musanaponye mbedza mufunse oyang'anira. Tinamvana motere ife atatu: yaing'ono ibwerere, yokhala ndi mazira kapena ana m'kamwa ibwerere, zotsalazo titenge zokwanira mphika wa tsiku limenelo. Mwana wanga anasiya kuona kudya nsomba ngati kusazindikira. Amalume amabweza tiana, ngakhale kuti amatero akung'ung'udza.

Tsono kwa inu amene mukufunsa choti mugule. Ngati mumawedza pa dambo, pa damu la pafupi kapena m'mbali mwa mtsinje wa bango, ndipo mukufuna makumba, milamba ndi matemba, dulani nsungwi. Musaononge ndalama. Ngati muli pa gombe la miyala ngati ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay, kapena malo anu ali ndi ng'ona moti muyenera kuima patali ndi madzi, reel ndi yoyenera. Mugule imodzi yolimba, yapakatikati, m'malo mwa ziwiri zotchipa, ndipo nyambo zogula zikhale ziwiri kapena zitatu zokha poyamba. Kwa mwana wamng'ono amene mukufuna akonde kuwedza, nsungwi yaifupi ndiyo yabwino, chifukwa amaona choyandama chikumira ndipo sachedwa kugwira kanthu.

Mnzanga wina amene anali atatsala pang'ono kugula reel ndinamuuza kuti ndalamazo azisunge kaye miyezi itatu. Loweruka likubwerali tikupita naye ku Shire, kumunsi kwa mlatho wa ku Mangochi. Amalume amudulira kale nsungwi yake, ili pamthunzi kuseli kwa nkhokwe, ndipo anena kuti abwere ndi patapata wakutha.