Chipika cha tsanya m'thanki ya timilamba: zomwe ndaona chaka chisanathe

Chipika cha tsanya chomwe ndinaika m'thanki yanga yagalasi chatsala pang'ono kukwanitsa chaka, ndiye tsopano ndikhoza kunena zomwe chimachita ndi zomwe amangochinamizira. Kunja amachigulitsa m'masitolo a nsomba zoweta ndi dzina loti mopani, pamtengo wokwera ndithu, chonsecho ndi mtengo womwewu wa ku chigwa cha Shire ndi ku Liwonde, umene owotcha makala akuupulula.

Ndinachiikira timilamba ta mtundu wa Ancistrus, ta ku South America, tomwe tatimuna timamera ndevu pamphuno. Tsanya ndi wolemera, amangomira tsiku lomwelo osafuna kumupsinja ndi mwala, ndipo mpaka lero sanafumbwe paliponse. Masabata oyamba anachita nguwi yoyera yoterera. Musaitaye mtima, timilambato tinaidya yonse. Koma utoto wake ndiye eee! Ngakhale ndinamuwiritsa kaye, madzi ankafiira ngati tiyi wopanda mkaka kwa miyezi ingapo. Makala a m'sefa yoyeretsera madzi amachotsa mtunduwo, apo ayi umazilala wokha mukamasintha madzi.

Nkhani yagona pa pH, muyeso wa asidi m'madzi: asidi akachuluka, pH imatsika. Ogulitsa amati tsanya amafewetsa madzi n'kutsitsa pH. Zoona zake n'zakuti amatulutsa tannin, yemwe ndi asidi wofooka, ndipo madzi akakhala ndi laimu wambiri, monga a m'mijigo yambiri, laimuyo amameza asidiyo. Madzi amafiira koma pH ili phee. Kwa ine inayamba kutsika, pang'ono pokha, nditachotsa miyala iwiri yoyera yokongoletsera. Ndinaidonthezera viniga, ikuchita thovu: laimu. Mwala wotero umasungunuka mwakachetechete n'kumafafaniza ntchito yonse ya mtengo. Choncho musanagule chipika, yambani mwayesa miyala ndi mchenga wanu.

Kuswana kunachitika, koma sindingamuyamikire tsanya pa chimenecho. Ancistrus sasankha madzi kwenikweni, chomwe amafuna ndi phanga lothina lotseka mbali imodzi. Langa ndi kapaipi kadothi kowotcha. Nditasintha madzi ndi ozizirirapo pang'ono, kakakazi kanaikira mazira achikasu chofiirira, omatana pamodzi, n'kuchoka. Kamphongo ndi kamene kanatsala m'phangamo, kakupiza mazirawo ndi zipsepse, osatuluka ngakhale kukadya. Sabata isanathe anaswa. Ukawalitsa tochi umaona tiana tonyamula kathumba ka chakudya pamimba, michira ikungogwedera. Kathumbako katatha, tinatuluka n'kukakamira pa chipika kumadya ndere, ndipo apa ndiye tsanya anagwira ntchito yooneka. Ndinkationjezera zidutswa za nkhaka ndi dzungu lofutsa pang'ono.

Chodandaulitsa n'chakuti ndi wolimba kwambiri. Timilambati timakonda kupala mtengo, ndiye pa tsanya sitiphula kanthu kwenikweni. Ndinaonjezera kachipika kofewa, ndipo n'komwe timakhalitsako.

Kwa oweta mbuna kapena nkholokolo za m'nyanja ya Malawi, zomwe zinazolowera pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndinganene kuti tsanya alibe phindu m'thanki mwanu. Miyala ya laimu yomwe ine ndinachotsa ija ndiyo yoyenera kumeneko. Ndipo amene mukufuna kutola chipika chanu, chikhale chouma bwino, chopanda khungwa, chosapakidwa mankhwala a chiswe, komanso chisachokere m'nkhalango yotetezedwa.